Mendulo ya Amalume

Amalume anga atalandira mendulo, ife kuno ku Njuli tinangomvera pa wailesi. Anati ndi mkulu wa asilikali amene anatsogolera bwino gulu lake ku Kongo, zigawenga zitawazinga m'nkhalango, mpaka kulitulutsa. Ine ndinkasenda nandolo pakhonde. Ndinadabwa ngati akunena munthu yemweyo amene amayi anga amamukalipira ngati mwana akalowa m'nyumba ndi nsapato zamatope.

Atabwera kumudzi, amayi anapempha Misa yothokoza kumishoni, kenako phwando pakhomo. Anthu anadzaza, akwaya anaimba. Amalume anakhala pampando wapulasitiki, mendulo ili m'thumba la malaya.

Chakumasana kabaza inatsitsa mayi wina wa ku Mbulumbuzi. Tonse tinkawadziwa. Mwana wawo anali m'gulu la amalume, ndipo anabwera m'bokosi. Maliro ake tinakakhala nawo.

Nyimbo inaduka. Amayi anga anandinong'oneza kuti ndipite ndi mayiwo kuseri ndikawapatse chakudya. Ndinawagwira dzanja, koma anandikana mwaulemu n'kulunjika kwa amalume.

"Achimwene, mendulo ija ili kuti?"

Amalume anaimirira, n'kuitulutsa. Mayiwo anaitembenuza uku ndi uku. Ine ndinkaganiza kuti aiponya pansi. Koma anayamba kuwaveka pachifuwa. Pini osalowa, mpaka ndinawathandiza.

"Mwana wanga ankati inu mumadya pomaliza, onse atadya. Zoona?"

"Masiku ena, mayi."

"Nanga tsiku limenelo munali kuti?"

"Ndinali kutsogolo. Iye anali kumbuyo, akutchinga anzake."

"Munamuika kumeneko ndinu?"

"Ndine."

Mayiwo anawayang'ana m'maso. Kenako analuluta nthungululu yaitali, misozi ikutsika. Palibe anadziwa chochita. Azimayi ena analandira nthungululuyo, ena anayamba kulira ngati pamaliro. Woimba ng'oma anaimenya pang'ono n'kusiya. Ine ndinangoima, kukamwa yasa.

Mayiwo sanadye. Anakwera kabaza yomwe ija n'kubwerera kwawo.

Anthu atabalalika ndinawapeza amalume ali pampando pomwepo, mendulo ili chopendekeka. Ndinawafunsa ngati mayi aja anabwera kudzawathokoza kapena kudzawaimba mlandu.

"Sindikudziwa, mwanawe," anatero. "Ukadzadziwa udzandiuze."

Kumudzi nkhaniyi inagawa anthu. Amayi anga amati kunali kukhululuka. Mamuna wanga amati kunali kuwanyoza pagulu, ndipo amalume sanafunike kuyankha. Ndikamamvera aliyense ndimaona ngati akunena zoona.

Mayiwo masiku ano amagulitsa tomato pamsika wa Namadzi. Ndikadutsa amandiitana, kufunsa za moyo wa amalume, n'kundiwonjezera tomato muwiri pamulu. Ndimathokoza, funso lili pakamwa, koma sindinalimbebe mtima.