Kazako Pathanthwe

Chaka chimene tinakana kulowa mu aldeyamento, mudzi wa waya uja wa Apwitikizi, tinkakhala m'misasa kumapiri a cha ku Chipera. Mwana wanga woyamba anali ndi miyezi itatu, asanatengedwe kumphasa. Mwambowo umafuna bambo wake, koma bambo wakeyo anali komandanti wa anyamata otilondera pamwamba pa phiri. Ine ndinkangodikira.

Panali kamarada wina amene anakaphunzira zankhondo ku Koreya. Tsiku lina masana tikusenda chinangwa, anatisimbira za mkulu wa asilikali wa kumeneko, wamakedzana. Akuti ankamenya nkhondo pamadzi ndi zombo zochepa. Anzake anamuneneza kwa mfumu, mfumu n'kumuvula udindo, kumusandutsa msilikali wamba. Zinthu zitathina anamuitananso. Pankhondo yomaliza chipolopolo chinamupeza, iye n'kulamula kuti imfa yake isalengezedwe. Mphwake anavala zovala zake, ndipo asilikali anamenya mpaka kupambana, akutsata munthu wakufa.

"Kubisa maliro?" anatero apongozi anga. "Kodi kumeneko mizimu ilibe miyendo?"

Tonse tinaseka.

Patapita masabata awiri, a tropa, asilikali a Apwitikizi, anaombera phirilo tsiku lonse. M'mawa mwake tinaona mwamuna wanga pathanthwe, atavala kazako wake, jekete lausilikali, ndi chipewa, dzanja lili m'mwamba. Amene anali atamanga kale katundu kuti akadzipereke anamasula. M'mawa uliwonse ankaima pomwepo, koma osatsika. Galu wake ndiye anatsika, n'kudzagona pakhomo panga, osadya.

Tsiku lachisanu ndinapenyetsetsa. Dzanja lokwezedwalo linali lamanja. Mwamuna wanga anali wamanzere.

Kamarada uja ndinamupeza kumtsinje akuchapa.

"Achimwene, mwanayu nthawi yakwana. Auzeni abambo ake atsike, tsiku limodzi basi."

"Atanganidwa, alamu."

"Ndiye ndikwere ineyo."

Anapitiriza kufinya malaya, madzi atatha kalekale.

"Agona pati?" ndinafunsa.

"Patsinde pa msuku. Tinaunjika miyala. Anapempha okha, alamu. Anthuwa akamva abalalika, a tropa awatola mmodzimmodzi. Tipatseni masiku anayi tiwasamutse."

Misozi ndinaibweza. Masiku anayiwo ndinkatuluka ndi mwana kumsana, n'kukwezera dzanja munthu amene mpaka lero sindimudziwa. Apongozi ankakazinga mtedza, kunena kuti upite kuphiri kwa mwana wawo, ine n'kumaupereka. M'ndiwo sindinathire mchere, poti pamaliro sitithira wamba. Ndinkangoti watha.

Titafika kumisasa yatsopano, anthu onse ali moyo, ndinawatengera apongozi kuseri n'kuwauza. Sanalire msanga. Anatenga lumo, anandikhazika pamwala, n'kuyamba kundimeta, manja awo akuzizira ngati madzi a m'mawa. Mwanayo anamutenga azakhali ake ndi mankhwala m'malo mwa kumphasa, monga achitira ndi ana amasiye.