Apongozi a Ababa ku Walsall

Ndikukumbukira fungo la nyumba yosamalira okalamba ya ku Walsall, ku Mangalande: mankhwala okolopera, kabichi wowiritsa ndi mpweya wouma wa hita. Ndinali kamtsikana kongobwera kumene kuchokera ku Dedza. Amayi anali nesi wa mashifiti osatha, ndiye ndikaweruka ndine ndinkakwera basi kukaona Ababa. Sukulu inali itandikana kale, moti basiyo ndinkaikonda kuposa kalasi.

Ababa anadwala matenda oiwala asanakalambe n'komwe. Chingerezi chimene anachiphunzira movutikira chinathothoka pang'onopang'ono mpaka kutheratu. Anatsala ndi Chichewa cha kumudzi ndi ulemu wawo. Kenako anasiya kudya. Thalauza linayamba kuvuka, lamba tinamuboola mabowo atsopano. Adokotala anati zikapitirira awatengera kuchipatala, azikadyera m'paipi ya m'mphuno. Amayi paipiyo ankaidziwa bwino kuntchito kwawo, ndipo analira m'basi njira yonse.

Amene ankawasamala anali Anti Pauline, mayi wa ku Jamaica, wa imvi, wa thupi lake. Antiwo ankawakonda Ababa zedi. Akabwera ndi mbale ankakhala pafupi, bondo kugunda bondo, supuni m'manja, akuwanyengerera. Ababa ankatembenukira kukhoma n'kuphimba nkhope. Anti akalimbikira, iwo ankanyamuka chowerama n'kukaima kuseri kwa katani, nsapato zokha zikuoneka.

Tsiku lina ndinawatsatira kukataniko.

"Ababa, chakudya chikuzizira."

"Iwe mwana, ulibe maso?" ananong'ona. "Apongozi akhala pomwepo. Ndidye akundiona? Ukufuna mudzi wonse undiseke?"

Ndinasuzumira. Zoonadi, Anti Pauline anafanana ndi agogo anga, mayi awo a Amayi: imvi zomwezo, kusanjika manja pamimba komweko. Kwathu mkamwini sadya apongozi akuona. Ngakhale panjira amapatukirana.

Ndinawafotokozera Anti ndi Chingerezi changa choduka, manja akundithandiza. Anaseka mpaka kupukuta misozi ndi epuloni.

"Ndiye bamboyu akudzipha ndi njala chifukwa chondilemekeza ine?"

Atatero anasiya kuseka. Anaika mbale patebulo, natuluka, chitseko n'kuchisiya chotseguka pang'ono. Ababa anasuzumira uku ndi uku, anakhala pansi, anapemphera, n'kuyamba kudya mbatata zophwanya zimene zinali m'mbalemo. Supuni inkagunda mbale, ine ndili chiimire kuopa kusokoneza. Anamaliza zonse.

"Apongozi amaphika," anatero akupukuta pakamwa, "koma mchere amaumira."

Anti Pauline sanayesepo kuwauza kuti iwo si apongozi awo. Anaulandira udindowo. Akafika pakhomo ankatsokomola kuti mkamwini akonzeke, kuika mbale, n'kukaima pakhonde kumvetsera supuni. Akakumana m'kanjira kopita kubafa, onse awiri ankayang'ana kukhoma mwaulemu, anzawo a pantchito akufa ndi phwete. Lamba uja anabwerera pabowo lakale, ndipo za paipi sitinazimvenso.

Patapita zaka Ababa anafooka. Dzina langa anali ataliiwala kalekale, koma masana ena anandigwira dzanja.

"Mayi, mukawauze apongozi kuti mwana wawo sindinamuzunze."

Anti anali kuseri kwa chitseko ngati masiku onse. Ndinawamasulira. Kenako ndinamva mawu awo.

"Muuze kuti ndikudziwa. Ndinaona ndekha."

Ababa anagwedeza mutu, n'kugona tulo. Sabata yomweyo anatisiya.

Amayi nawo tinawaika chaka chatha. Iwo ndi mwamuna wanga ankadyera pa sofa imodzi, akulimbirana rimoti, ana akuwayankha m'Chingerezi. Zinthu zinasintha, ndipo sindidandaula. Koma mayi wa ku Jamaica uja sindimuiwala m'mapemphero. Ku Dedza sanapondeko, mwambo wathu sunali wake, koma anavomera kuima pakhonde lozizira kuti bambo anga adye osachita manyazi.