Malikisi amene ndinapatsa aphunzitsi anga

Chaka chimene ndinayamba kuphunzitsa ku yunivesite, dziko linali litangolowa kumene m'matipate. Aliyense pakamwa panali patatseguka. Ophunzira ankatsutsa chilichonse, kuyambira nyemba za kukafiteriya mpaka tsiku la mayeso. Ine, mnyamata wa digiri yachiwiri ndi jekete limodzi, anandiponyera phunziro limene akuluakulu onse ankalizemba, la analisisi. Awa ndi masamu amene safunsa kuti yankho ndi chiyani, koma kuti ukudziwa bwanji kuti ndi loona nthawi zonse. Akatswiri ambiri a kusekondale amathyokera pamenepa.

Tsiku loyamba nditalowa m'kalasi, choko chinatsala pang'ono kundipulumuka. Pa benchi yakutsogolo panali bambo a imvi, tayi ali pakhosi, ndipo iwo okha ndiwo anaimirira. Anali aphunzitsi anga a masamu a kwathu ku Neno, cha ku Nsambe, amene anandiphunzitsa fomu wani ndi fomu thu. Anali ataphunzitsa zaka zoposa makumi awiri ndi dipuloma, anyamata a madigiri akungowadumpha pa maudindo. Tsopano anali atapatsidwa tchuthi choti adzapeze digiri asanapume pa ntchito. Lamulo lake linali losakuluwika: akalephera phunziro langali, n'kulepheranso mayeso obwereza, abwerere kumudzi chimanjamanja.

"Muli bwanji, aphunzitsi?" ndinawapatsa moni.

"Ndili bwino, kaya inu, aphunzitsi?"

Kalasi yonse inafa nacho chiseko. Inenso ndinaseka nawo.

Ana enawo sankachita nane manyazi. Ndikalemba chizindikiro cha masamu chotchedwa epsiloni pa bolodi, wina ankakuwa ali kumbuyo kuti, "Zimenezi tidzadya?" Tinkakangana, ndinkawapatsa ziro, ankandida, koma pang'ono ndi pang'ono ankagwira. Aphunzitsi anga sanafunsepo funso ngakhale limodzi. Ankakopera zonse ndi zilembo zawo zokongola zija, kulemba mizere ndi rula, n'kugwedeza mutu.

Ntchito yoyamba imene ndinapereka inali iyi: mukaphatikiza 1, theka, 1/3, 1/4, n'kumangopitiriza osalekeza, kodi chiwerengerocho chili ndi malire, kapena chimangokulirakulira? Zoona zake n'zakuti chilibe malire, ndipo umboni wake sukwana theka la tsamba. Aphunzitsi anga anabweretsa masamba asanu ndi anayi. Anaphatikiza manambala mazana awiri ndi manja, osalakwitsa ngakhale pamodzi, n'kupeza kuti sanafikebe pa sikisi. Pansi analemba kuti, "Choncho n'zoonekeratu kuti sichidzafika pa teni." Umu ndi mmene ankatiphunzitsira kwathu: yesa kamodzi, yesa kawiri, yesa kakhumi, ikatheka ndiye kuti ndi lamulo.

Wina aliyense ndikanamupatsa ziro, n'kulemba ndi inki yofiira kuti zitsanzo si umboni. Ndinagwira cholembera chofiiracho, n'kuchiikanso pansi. Ndingathethe bwanji ntchito ya munthu amene anandigwira dzanja pondiphunzitsa kujambula ngodya? Kwathu mwana sauza wamkulu kuti mwalakwa. Amazungulira, amati mwina, amati kapena. Ndinatenga pensulo n'kulemba kuti, "Mwayesetsa kwambiri," ndipo ndinawapatsa sikisi pa teni. Ndinadziuza kuti ndiwaitanira ku ofesi sabata yamawa. Zengerezu adalinda kwawukwawu. Ntchito yachiwiri inabwera chimodzimodzi, yachitatunso, ine n'kumangopereka sikisi, nthawi zina seveni.

Pa tchuthi cha pakati pa chaka tonse tinapita kumudzi. Ndinatsimikiza mtima kuti kumeneko, kopanda maso a ophunzira anzawo, ndikawauza. Nthawi imeneyo Neno anali adakali pansi pa Mwanza, msewu wake wongodziwa Mulungu, ndipo tinkapatukirana ndi malole otenga anthu othawa nkhondo ku msasa wa Luwani kubwerera nawo kwawo ku Mozambiki. Loweruka lina ndinakwera phiri kupita kwawo, mapepala ofotokoza zolakwa zawo ali m'thumba la jekete.

Ndinapeza andiphera nkhuku. Anaitana alamu awo, akulu a mpingo awiri ndi mwenye wa golosale ya pafupi, Msilamu amene ankacheza nawo kwambiri.

"Mwana uyu ndinamuphunzitsa ndine," anawauza. "Lero akundiphunzitsa ndi iyeyu. Tamufunsani nokha ngati nkhalamba ikukhoza."

Onse anatembenukira kwa ine. Mayi a kunyumba kwawo anali atagwada pakhomo ndi beseni la madzi, akumwetulira.

"Akukhoza ndithu," ndinatero.

Ndinatsika phirilo ndi thumba la mbatata ya kachewere paphewa, mapepala aja osawatulutsa. Ndinadzida tsiku limenelo, ndipo ndikakumbukira ndimadzidabe.

Mayeso a kumapeto sakhala ndi dzina, amakhala ndi nambala, ndipo pepala limadutsanso m'manja mwa ena awiri. Koma zilembo zija ndikanazidziwa ngakhale ndili m'tulo. Funso lililonse anayankha ndi zitsanzo, mizere yowongoka bwino, umboni palibe. Ndinawerenga katatu kufunafuna poti ndiikepo malikisi, osapapeza. Analephera, ndipo asanalembe mayeso obwereza ndinawatumizira kabuku ka mayankho, poganiza kuti aona okha kusiyana kwake. Ngakhale pamenepo sindinalembemo mawu oti mukulakwitsa. Analepheranso, ndipo ananyamula sutikesi yawo ine ndili ku msonkhano wa aphunzitsi.

Panapita miyezi ndisanalimbe mtima. Nthawi ya manachesi ndinakweranso phiri lija. Ndinawapeza kuseri kwa nyumba akusankha manachesi oti apite nawo ku msika, atavala malaya ong'ambika pa phewa. Anali atabwerera pa sukulu yawo yomwe ija, pansi pa hedimasitala amene anali mwana wawo wa sukulu. Anandilonjera bwinobwino, anandipatsa mpando, kenako analowa m'nyumba n'kutuluka ndi masamba asanu ndi anayi aja.

"Pali chimene sindikumvetsa," anatero. "Apa munandipatsa sikisi. Pa mayeso ndinachita chimodzimodzi, n'kupeza ziro. Kodi cholakwika chinali pati?"

Ndinatola kamtengo n'kugwada pa dothi. Ndinawaonetsa kuti 1/3 ndi 1/4 mukawaphatikiza amaposa theka. Manambala anayi otsatira, pamodzi, amaposanso theka. Asanu ndi atatu otsatira, chimodzimodzi. Magulu oterewa satha, ndiye mathekawo sathanso, ndipo chiwerengero chidzadutsa teni, chidzadutsa handiredi, chidzadutsa nambala iliyonse imene munthu angatchule.

Anayang'ana pansipo kanthawi. Kenako anandilanda kamtengo kaja, n'kulemba okha gulu lotsatira, manambala khumi ndi asanu ndi limodzi, n'kuika theka pambali pake. Sanalakwitse.

"Ndiye kuti sitiwerenga onse. Timangosonyeza chifukwa chake sangaleke kukula."

"Eya, aphunzitsi."

"Basi? Chaka chonse chija nkhani yake inali imeneyi, eti?"

Zonsezi sizinatitengere ngakhale mphindi khumi. Iwo anapukuta manja pa buluku, n'kukhala pa dengu lovundikira, maso ali pa manambala aja. Sanakalipe, ndipo mwina akanakalipa zikanandipepukira.

"Mwana wanga," anatero motsitsa mawu, "ine ndinabwera kuja kudzaphunzira. Ulemu ndinali nawo kale kuno."