Makwerero a Tsiku Lokweza Denga

Gogo oyandikana nafe kuno ku mzinda wa Kanazawa ndi amene anajambula mapulani a nyumba zambiri mumsewu wathu. Akamadutsa amagogoda zipilala ndi ndodo, n'kumati, "Iyi idakalimba."

Ali mtsikana, akalipentala ankawaletsa kukwera padenga tsiku loika mtanda wapamwamba, ati mkazi amadzetsa tsoka. Amuna akamaponyera anthu timakeke tampunga kuchokera pamwambapo, monga mwa mwambo wa tsikulo, gogowo ankatola pansi ngati mlendo, pa nyumba yojambula okha.

Chaka chatha, tsiku lokweza denga la nyumba ina, kalipentala wamkulu, mtsikana wotchedwa Chizuru, anawagwirira makwerero.

"Agogo, kwerani. Lero akuletseni ndani?"

"Mawondo, mwanangu!" anaseka. "Kwera iweyo. Ine ndiime pomwe pano, ndikuone bwinobwino uli pamwambapo."