Mayi Woopa Zigoli za Kwawo

M'tauni yonse ija ya ku Mississippi, munthu mmodzi yekha ndiye ankaopa zigoli za timu ya koleji yakwawo, ndipo munthuyo anali Mayi Vernetta Gholston. Sankauza aliyense. Nkhani ngati imeneyo ukaitulutsa kutchalitchi, anthu akhoza kukupempherera ngati wodwala mutu.

Vernetta anakulira m'fakitale yotumbula milamba. Analowamo ali mtsikana ndipo anachita imvi ali momwemo, mpeni kumanja, nsapato za mphira kumapazi, fungo la nsomba losachoka ngakhale Lamlungu. Mwamuna wake anapita ku Memphis kukafuna ntchito, n'kupezako mkazi wina. Anamusiyira mwana mmodzi, Kendrell, amene anabadwa wamkulu n'kupitiriza kukula ngati akupikisana ndi wina. Mlamba wokazinga ndi buledi wa chimanga zinkangolowa, mbale n'kubwera yoyera. Atamaliza sekondale, koleji inamutenga kuti aphunzire ulere, malinga azisewera mpira wa ku America, uja wogwira ndi manja, osewera atavala zisoti.

Kendrell anali wa gulu lotchinga. Ntchito yake inali kuima pakati penipeni, kugundana mapewa ndi zimphona ziwiri nthawi imodzi, kugwa, kudzuka, kugundananso. Mpira ukakhala m'manja mwa anzake a gulu logoletsa, iye ankakhala pabenchi, kuvula chisoti, kumwa madzi n'kupezako mpweya. Zaka ziwiri zoyambirira mpweyawo ankaupezadi, chifukwa ogoletsa a nthawi imeneyo ankayenda ngati ng'ombe zapangolo. Ankayamba asonkhana, kunong'onezana, kukankha mpira pang'ono, n'kusonkhananso. Anthu ankayasamula, koma Vernetta ankadya mtedza wake mwamtendere.

Kenako kunabwera Kochi Tillery, mnyamata wa magalasi akuda wosadziwa kukhala pansi. Iyeyu anathetsa zosonkhana. Ogoletsa ankangothamanga, kuponya, kuthamanganso, adani asanapume n'komwe. Zikayenda, chigoli chinkalowa munthu usanamalize kutsegula botolo, ndipo mwa lamulo mpira unkapita kwa adani. Zikakanika, mpira unkabwerera kwa adani mofulumira chimodzimodzi. Uku kapena uku, Kendrell ankati akangokhala pansi, wina akumupatsa kale chisoti kuti abwerere.

Tauni inapenga ndi chimwemwe. Vernetta yekha ndiye anazindikira nyimbo yake, pakuti anaiimbapo kufakitale. Akutsogolo akafulumiza lamba woyendetsa nsomba, amene amathyoka msana ndi akumapeto, ndipo amene amayamikiridwa ndi akutsogolo omwewo.

"Iwe, ukuonda," anatero Lamlungu lina mwanayo atabwera kudzadya.

"Amayi, ine kuonda? Mpando wanuwu ukulira chonchi?"

"Usandiseke. Dzulo ndakuona utagwira m'mawondo, lilime panja ngati galu wa amalume ako a Rayford. Bwanji osauza akochiwo kuti akutulutseko?"

"Ndikagogoda chisoti kupempha kutuluka, mawa lake pamalo panga pali wina. Mutu ukakula sulewa nkhonya, Amayi." Anatafuna pang'ono, kenako n'kutsitsa mawu ngati m'nyumbamo muli kazitape. "Komatu tili ndi kanzeru kathu. Tikatheratu, kochi wathu wa otchinga amakanda khutu, mmodzi wa ife n'kudzigwetsa. Oimbira amaimitsa mpira, tonse n'kupuma. Ndiye mukandiona ndagwa nditagwira katumba wa kumanzere, musalire ayi. Ndi sewero."

"Ndiye ndinakulera kuti uzinama pamaso pa anthu?"

"Si bodza, Amayi. Ndi mpira."

Kuyambira tsiku limenelo mantha a Vernetta anawirikiza. Kale mwana akagwa, mayi ankadziwa chimene akuopa. Tsopano ankayenera kuyamba wafufuza dzanja, kuona kumene lapita.

Loweruka lina mu Seputembala mpira unayamba dzuwa lili paliwombo. Kunali kutentha kwa chinyezi kuja koti malaya amamatirira kumsana usanachoke pakhonde. Mabenchi achitsulo ankaotcha ntchafu. Vernetta anakhala ndi mchimwene wake Rayford, wokonza magalimoto, amene anabwera atadzaza mimba ndi nthiti zootcha komanso tina tamadzi toti sitikanaloledwa pageti akanatiika pooneka.

Chigoli choyamba chinalowa anthu ena akufunafuna pokhala. Bandi inaomba malipenga, bwalo lonse linaimirira.

"Mwaona, achemwali? Ameneyu ndiye kochi! Imirirani, kodi miyendo mwaisiya kufakitale?"

"Khalani pansi, achimwene, mukunditchinga."

Maso ake sanali kwa wogoletsayo. Anali pabenchi, pamene Kendrell ankadzuka, kapu ya madzi asanaimalize. Alendowo anali timu ya anthu odekha. Anagwira mpira n'kumaukankha pang'onopang'ono, molunjika pakati pomwe panali Kendrell, ngati anauzidwa kuti khomo lili pamenepo. Anatenga nthawi yawo yonse mpaka kugoletsa. Otchinga anatuluka akukoka mapazi. Ogoletsa akwawo analowa, kuponya katatu, katatu konse mpira pansi, basi n'kubwerako ali owuma ngati sanasewere.

"Aaa, tsoka chabe," anatero Rayford.

Vernetta anayamba kupemphera pemphero limene ankachita nalo manyazi: Ambuye, asagoletse msanga. Agoletse, koma ayambe azungulirako.

Pofika chigawo chachitatu mwa zinayi, zigoli zinali mbwee mbali zonse, ndipo anthu ankati sanaonepo mpira wokoma chotere. Kendrell anali atasiya kuthamanga polowa m'bwalo. Ankayenda, mutu uli pansi. Nthawi ina anaima mbali yolakwika, mnzake n'kumukoka malaya kumubweza pamalo pake. Mwana ameneyo malo akewo ankawadziwa ngakhale ali m'tulo.

Atagundananso, onse anadzuka kupatula iye.

Ochemerera alendo anayamba kukuwiza, akuti wabodza, dzuka. Akwawo anaseka chifukwa kanzeruko ankakadziwa.

"Hahaa! Mnyamata wathu wayamba zisudzo," anatero Rayford, akumugunda ndi chigongono. "Taonani mmene wagonera. Ameneyu akanapita ku mafilimu."

Vernetta anafufuza dzanja. Lamanzere linali pansi pa mimba. Lamanja linatambasuka pa udzu, zala zikuchita ngati zikutola kanthu. Katumba sanagwiridwe ndi aliyense.

"Sakusewera."

"Inu, musadandaule, amachita dala aka…"

"Ndati sakusewera!"

Mmene anatsikira masitepe aja sakumbuka. Akumbuka kuti anaponda phazi la munthu, anataya chikwama, ndipo mawondo ake, amene ankamuvuta ngakhale pokwera basi, tsiku limenelo sanadandaule. Choopsa kwambiri chinali chakuti ngakhale azachipatala a timu ankapita kwa Kendrell akuyenda wamba, botolo la madzi lili m'manja, monga ankachitira pa sewero lililonse. Vernetta ankakuwa kuti thamangani, koma mawu ake anamira m'phokoso. Kenako anaona mayi wina wazachipatala atagwada, n'kuyang'ana m'maso mwa mwanayo, n'kudzuka mwadzidzidzi akukodola ndi manja onse awiri. Pamenepo kuseka kunatha.

Mlonda wa pampanda anayesa kumuletsa. "Mayi, kuno sikololedwa."

"Mwanawe, ameneyo ndinamubereka ndine. Ukandigwira, undinyamule."

Mlondayo anapatuka.

Vernetta anapeza Kendrell kuseri kwa benchi, mu tenti, atamuviika m'bafa lalikulu la madzi a ayezi mpaka m'khosi. Anali atamudula malaya ndi lumo. Anthu anayi ankamugwira kuti asamire. Maso ake ankayendayenda osaima pa kanthu, ndipo ankalankhula zosamveka, za basi ya kusukulu imene inamusiya.

"Thupi latentha kupyola muyezo," anatero mayi wazachipatala uja, osatembenuka. "Ambulansi ilipo, koma sitimunyamula asanazizire. Akatuluka m'madzimu msanga, tikhoza kumutaya. Muzimulankhula, mayi, asavutevute."

Vernetta anagwada m'matope, n'kugwira mutu wa mwana wake ndi manja onse. Unkaotcha ngati mphika. Anachita mantha amene sanawamvepo chibadwire, mantha oti mano ankagundana dzuwa likuswa mtengo. Ankangoti, ndili pano, Kendrell, ndili pano, Amayi ako ndili pano. Patapita nthawi maso aja anayamba kudekha, mpaka anaima pankhope pake.

"Amayi? Mukutani kuno?"

Asanayankhe, bwalo linaphulika. Mabenchi achitsulo ananjenjemera ndi mapazi a anthu, malipenga n'kuyamba. Anyamata a Kochi Tillery anali atagoletsanso.

Kendrell anagwira m'mphepete mwa bafa. Ayezi anakhutukira pansi. Chimunthu chonse chija chinayamba kudzuka, anthu anayi aja akutsetsereka m'matope, wazachipatala akukuwa kuti mugwireni.

"Tagoletsa. Chisoti changa chili kuti? Ndi nthawi yathu, akundidikira…"

Vernetta anatola thaulo lonyowa, n'kumukulunga nalo m'mutu, kutseka makutu onse awiri, n'kugunditsa chipumi chake pa chipumi cha mwanayo.

"Si ife. Agoletsa ndi alendo."

"Alendo?"

"Alendo, mwanangu. Akulowa ndi anzako othamanga aja. Iwe nthawi yako sinakwane. Khala pansi."

Mwanayo anamuyang'ana nthawi yaitali. Mayi ameneyu anali asanamunamizepo, ngakhale za bambo ake.

"Atigoletsa," anatero Kendrell chapansipansi, ngati munthu amene wauzidwa nkhani yabwino. Zala zinamasuka m'mphepete mwa bafa, ndipo anabwerera m'madzi pang'onopang'ono mpaka anafika m'khosi. Kunja tauni yonse inkaimba nyimbo ya chipambano, ndipo Vernetta anakanikiza thaulo lija mwamphamvu kuti isalowe.