Jekete ya Adadi M'katoni ya Fani

Ndikukumbukira bwino Januwale wa 2011, ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri, chifukwa ndi mwezi umene ndinaba koyamba. Ndinabera bambo anga ondibereka, ndipo chimene ndinaba chinali jekete. Anthu akamalemba za ubwana wawo amakonda kudzikometsa. Ine ndilibe nthawi imeneyo. Koleji ndinaisiyira panjira, masiku ano ndimanyamula makatoni pa kampani ina kuno ku Indianapolis, ndiye nkhaniyi ndiinena mmene inachitikira.

Nthawi imeneyo tinkakhala ku South Bend, m'fulati ya zipinda ziwiri, ine, Adadi ndi Amami. Tinachoka ku Malawi ndili ndi zaka zisanu ndi ziwiri, Adadi atapeza malo a sukulu. Amami ankagwira ntchito kunyumba yosamalirako okalamba. Kuzizira kwa South Bend si kwa masewera. Mphepo imachokera kunyanja yaikulu ya kumpoto, chipale chofewa chija timachitcha sinowo n'kumagwa mpaka galimoto zoima panja kukwiririka.

Amalawi a kumeneko anali ndi kachitidwe kawo. Munthu akafika kumene kuchokera kumudzi sankagula jekete ya nyengo yozizira, ankalandira kwa mnzake amene akubwerera. Lamulo lake silinalembedwe paliponse koma ngakhale ana tinkalidziwa: wopita kukacheza amasiya jekete yake itapachikidwa kuseri kwa chitseko, wopita osabweranso ndiye amaipereka. Ya Adadi inabwera chomwecho. Inali yobiriwira moderako, yofika m'mawondo, yolemera ngati khanda, chipewa chake chili ndi ubweya m'mphepete. Pa kansalu ka m'khosi panali mayina atatu olembedwa ndi bolopeni, awiri atakhwatchidwa. Lachitatu linali la Adadi. Eni mayina awiri enawo palibe amene anabwereranso ku America.

Sabata yoyamba ya chakacho Adadi anandikhazika pansi pabalaza.

"Tadala, mapepala anga okhalira kuno atha. Ndikupita kumudzi kukakonza. Miyezi itatu basi."

Amami anali pa sinki atatifulatira, akutsuka kapu imodzi yomweyomweyo.

Lachitatu lake anayala sutikesi ziwiri pa bedi n'kuyamba kusankha zovala. Adadi ankakafikira ku Nchalo kwa akulu awo, kumene dzuwa limawotcha mpaka munthu kumagona pakhonde. Ine ndinakhala pakhomo la chipindacho ndi buku la masamu pamiyendo, osawerenga ngakhale mzere umodzi.

"Jombozi zisiyeni," anatero Amami. "Ku Nchalo mukaponda sinowo wake uti? Anthu aziti mwabwera kudzadula nzimbe."

Adadi anakweza buluku la m'kati lija, lalitali lothina, limene ankavala pansi pa buluku lenileni. "Nanga ili? Ndikaliyanika pachingwe mudzi wonse ubwera kudzaonerera." Anaseka okha.

"Magolovesi ayi. Majuzi olemerawo ayi, angokudyerani makilo. Tengani juzi imodzi yopepukayo ndi sikafu. Mukapita ku Blantyre mu Juni chiperoni chikakupezani."

Mu Juni. Ndinawerenga pa zala pansi pa buku lija: Febuluwale, Malichi, Epulo. Ndinabwerezanso. Juni sanalimo. Amami anazindikira zimene anena, chifukwa anayamba kupinda malaya mofulumira kwambiri, Adadi n'kundituma kukatenga madzi akumwa amene sanawamwe.

Kuyambira pamenepo maso anga anali pa jekete. Ndikadzuka m'mawa ndinkayamba kuona kuseri kwa chitseko. Ndikaweruka kusukulu ndinkathamanga pa masitepe mpaka nditaiona. Ndinkadziuza kuti bola ili pamenepo, Amami anangolakwitsa mwezi.

Lachisanu masana ndinapeza Adadi atagona, Amami ali ku ntchito. Ndinaitsitsa jekete ija n'kutembenuza khosi lake. Dzina la Adadi linali litakhwatchidwa. Pansi pake, m'malemba awo opendekera aja, panali dzina lachinayi: Mphatso.

Ankolo Mphatso ndinkawadziwa. Anali atafika mu Disembala kudzaphunzira za unesi, ndipo kutchalitchi ankabwera atavala kajekete ka jinzi kamene ku Lilongwe kangakwane mu Julaye, koma kuno kanali ngati pepala.

Sindinalire. Ndinaikulunga jekete ija, n'kutsika nayo kuchipinda cha pansi pa nyumba kumene kunali makina ochapira ndi timakola ta waya tosungiramo katundu wa banja lililonse. M'khola lathu munali katoni yaikulu ya fani. Ndani angafune fani mu Januwale? Ndinaitulutsa faniyo, n'kukanikizira jekete m'katimo ndi bondo. Maganizo anga anali osavuta: munthu sangapereke chinthu chimene sakuchiona, ndipo jekete ikatsala m'nyumba muno, mwini wake abwera. Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, osati zisanu. Ndinkadziwa kuti n'zopusa. Ndinachitabe.

Loweruka cha m'ma teni Ankolo Mphatso anafika pa basi, makutu atatuwa, mphuno ikuchucha. Anakhala pampando manja atawapana m'khwapa, Amami n'kuwapatsa tiyi. Adadi anapita kuseri kwa chitseko. Kenako kuchipinda. Ndinamva zitseko za wodilopu zikutsegulidwa ndi kutsekedwa.

"Mayi a Tadala, jekete ija mwaiika kuti?"

"Ine jekete yanu ndiikhudziranji?"

"Tadala?"

Ndinayankha m'Chingerezi kuti sindikudziwa. Ndinkachita chomwecho ndikamanama, chifukwa bodza la m'Chichewa linkanditsamwa. Adadi anandiyang'ana nthawi yaitali. Ndinkayembekezera kuti andikalipira, mwinanso ndinkafuna kuti atero, chifukwa akanati andikalipire nanenso ndikanawafunsa za Juni. Sanakalipe. Anabwerera kuchipinda n'kutuluka ndi majuzi awiri olemera aja, magolovesi ndi jombo.

"Pepani achimwene, yasowa. Yambani mwatenga izi."

"Musavutike, ndayamba kuzolowera," anatero Ankolo Mphatso.

"Kuno sazolowera," anatero Adadi.

Mawa lake titatuluka m'tchalitchi tinawaperekeza Adadi kusiteshoni ya pa bwalo la ndege, kumene imanyamukira sitima ya ku Chicago. Kuchokera pa galimoto kukafika pakhomo ndi pafupi, koma mphepo ya tsikulo inkaluma ngati lumo, ndipo Adadi anali atangovala jekete ya suti pamwamba pa kajuzi kopepuka kaja. Anayenda atakweza mapewa, akukoka sutikesi mu sinowo. Za jekete sananene kanthu. Anandigwira pamutu n'kunena kuti ndisamavutitse amayi anga.

"Mubwera mu Epulo?" ndinafunsa, tsopano m'Chichewa.

"Mulungu akalola."

Mawu amenewo mpaka lero ndikawamva m'kamwa mwa munthu wamkulu ndimadziwa kuti yankho ndi ayi.

Miyezi yotsatira ndinaikhala ndi mantha awiri. Oyamba anali a katoni ija. Tsiku lililonse ndinkapeza chifukwa chotsikira pansi, n'kulowetsa dzanja kuti ndikhudze ubweya wa chipewa, kenako n'kukwera msanga wina asanandione. Achiwiri anali a Ankolo Mphatso. Tsiku lina tikudutsa m'tauni pa galimoto ndinawaona pamalo odikirira basi, majuzi awiri aja atawavala pansi pa kajekete ka jinzi moti zipi sinkatseka, akupondaponda pansi ngati akuvina. Kutchalitchi ankatsokomola m'pemphero lonse. Nsonga za makutu awo zinasupuka khungu. Amayi ena anawapezera jekete ina patapita masabata angapo, koma inali yachizimayi, manja ake othera pakati pa mkono. Choipa kwambiri n'chakuti ankandikonda. "Mwana wa achimwene, sukulu ikuyenda?" Ine n'kuthawira kuchimbudzi.

Adadi ankaimba foni Lamlungu lililonse. Ankati mapepala akuyenda. Ankati kukutentha moti sopo akusungunuka pawindo. Epulo anafika, sinowo anasungunuka, m'misewu munatsala matope ndi mchere. Epulo anatha.

Mu Meyi Amami anapeza ntchito ina ku Indianapolis, ndipo tinayamba kulongedza kuti tisamukire ku Lawrence, dera la m'mphepete mwa mzindawo. Kutatsala tsiku limodzi anandiitana.

"Tiye pansi."

Ndinawatsatira. Anatsegula khola lathu, osayang'ana kumanzere kapena kumanja, n'kulunjika pa katoni ya fani. Anaisolola jekete ija, n'kuikutumula. Inali itakwinyika, ikununkha chinyezi.

"Unkayesa sindikudziwa?" anatero. "Loweruka lomwe lija m'mamawa ndinatsika kudzachapa. Mkono wake unali panja, ukulendewera. Ndinaubwezera m'kati ndekha."

Ndinakumbukira mmene anawayankhira Adadi tsiku lija, tiyi ali m'manja, nkhope ili gwa.

"Ndiye bwanji simunanene?"

Anakhala pa ndowa yovundikira imene inali pamenepo, jekete ili pamiyendo. Makina a munthu wina ankazungulira kumbuyo kwathu.

"Nanenso ndinkafuna ikhale."

"Abwera?"

"Ayi, mwanangu. Boma la kuno siliwalolanso kulowa kwa zaka zambiri. Ankadziwa asananyamuke. Ndinkadziwa inenso."

Madzulo a tsikulo Amami ananditenga pa galimoto mpaka kumene ankakhala Ankolo Mphatso, iwo n'kutsala m'galimotomo. Anati popeza ndinaitsitsa ndekha, ndikaipereke ndekha. Kunja kunali kofunda, ana akusewera atavala makabudula. Ndinagogoda nditanyamula chijekete cha sinowo ngati wamisala. Ankolo Mphatso anatsegula, anayang'ana jekete, anayang'ana ine, kenako anaseka mpaka kutsamira chitseko.

"Yapezeka dzuwa litatuluka!"

Anailandira ndi manja awiri. Sanandifunse kumene inali. Ndinayamba kupepesa koma mawu anakana kutuluka, m'Chichewa ndi m'Chingerezi momwe. Iwo anangoti, "Pita, amayi ako akudikira. Dzinja la kuno silichedwa kubwerera."

Adadi akadali ku Nchalo. Timalankhulana pa foni, amandifunsa kuti ndibwerera liti ku koleji, ine n'kusintha nkhani. Za jekete sitinakambiranepo, ngakhale ndikudziwa kuti anazindikira tsiku lomwelo, ndipo anasankha kukwera sitima akunjenjemera m'malo mondifunsa kachiwiri, chifukwa kundifunsa kukanawakakamiza kundiuza zoona.

Chimene ndikumvetsa tsopano si chokoma. M'nyumba muja tinalimo atatu, ndipo aliyense ananama poganiza kuti akuteteza mnzake. Amene analipira ndi makutu ake anali munthu wachinayi, wosalakwa, amene anangobwera pa basi kudzatenga chimene analonjezedwa. Akuluakulu amaganiza kuti mwana akabisiridwa nkhani sada nkhawa. Amada, ndipo amada yekha, n'kuchita zinthu zopusa zimene zimapweteka anthu ena. Mwana wa zaka khumi ndi ziwiri amadziwa kuwerenga miyezi. Akanangondiuza pabalaza paja kuti sabweranso, ndikanalira sabata imodzi, jekete n'kupita kwa mwini wake mu Januwale.

Ndinkayesa kuti wamantha m'nyumba muja ndinali ndekha, osadziwa kuti mayi wamkulu, wosambitsa nkhalamba za eni tsiku lonse osadandaula, anagwada pansi n'kubisa mkono wa jekete ngati mwana. Amami ndinawakhululukira pa ndowa pomwe paja. Adadi ndikuyesabe.