Rula ya a Tabu

Mu ofesi mwathu tinkangowatchula a Tabu, chifukwa cha batani limodzi la pa kiyibodi lomwe ankalikonda ngati mwana wawo. Anayamba kulemba mapulogalamu a kompyuta ife tidakali kusukulu.

Pa ntchito yathuyi, mzere umene ukumvera lamulo la mzere wapamwamba umaulowetsa mkati pang'ono, kuti anzako aone kuti uwu ndi wa uwu. Ukalowetsa ndi tabu, aliyense amadzisankhira kukula kwa mpatawo pa kompyuta yake. A Tabu ankaukulitsa mpaka mizere yawo inkaoneka ngati masitepe.

Kenako kunabwera bwana watsopano wa nsapato zosongoka. Akuti tabu ndi yachikale, tonse tizilowetsa ndi timipata tiwiri basi, tosasinthika.

"Bwana, tiwiri tachepa," anatero a Tabu pamsonkhano. "Tisiyireniko tabu, silakwira munthu."

"Madala, inu mumangokakamira zakale," anayankha bwana. "Tivote."

Tinavota tikuseka, tabu n'kugonja. Ine mkono m'mwamba kuvomereza za bwana, mano onse pamtunda. Chitsiru ine!

Kuyambira pamenepo a Tabu ankachedwa ndi chilichonse. Mphuno pa sikirini, tiyi kuzizirira m'kapu, ife kumbali tikunong'onezana kuti mdalayu watha. Patapita miyezi itatu anasiya mzere umodzi kunja kwa lamulo lake, ndipo pulogalamu ya sukulu ina inatumizira makolo onse uthenga woti ana awo alephera mayeso. Bwana sanafunse n'komwe kuti zayenda bwanji. Lachisanu lomwelo anawapatsa kalata yowachotsa ntchito.

Desiki yawo anandipatsa ine. M'kabati mwake ndinapezamo rula yapulasitiki, yopalika m'mbali chifukwa choikhazika pa sikirini poyeza mizere. Pansi pake panali pepala la dokotala wa maso. Mtima unandiwawa, ndinawaimbira foni pomwepo.

"Koma bambo, bwanji simunanene?"

"Mwanawe," anatero, "ndikananena kuti maso akutha, akanandichotsa tsiku lomwelo. Tabu ija yandisungira ntchito zaka zisanu, ana akudya. Timipata tanu tiwirito ine sindinkationa."

Iwo anakhosomola pang'ono.

"Iwenso unakweza mkono, eti? Umenewo ndiye ndinauona."